Mbiri ya Malemu

Chaka chilichonse, mwezi wa Disembala ukangolowa, bungwe la Wikimedia Foundation limatulutsa mndandanda wa nkhani zimene anthu awerenga kwambiri pa Wikipedia ya Chingerezi m'chaka chimenecho. Wikipedia ndi nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti imene inayamba pa 15 Januwale 2001, ndipo olemba ake ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa. Mndandandawu sutchula nkhani zolembedwa mwaluso koposa kapena zofunika koposa. Umangowerengera kuti tsamba lakutilakuti latsegulidwa kangati. N'chifukwa chake umaulula zimene anthu amafuna kudziwa akakhala okha ndi foni m'manja, popanda mphunzitsi kapena mbusa wowasuzumira.

M'chaka cha 2022 linatsogola tsamba la Jeffrey Dahmer, chigawenga cha ku America chimene chinapha anthu 17, chifukwa kampani ya Netflix inali itangoonetsa sewero la moyo wake. M'chaka cha 2023 linatsogola la ChatGPT, makina a pa kompyuta oyankha mafunso ngati munthu, lomwe linatsegulidwa maulendo oposa 49 miliyoni, ndipo pafupi nalo panali mpikisano wa kiriketi wa dziko lonse umene unachitikira ku India, komanso kanema wa Oppenheimer. M'chaka cha 2024, chaka cha chisankho ku America, mayina a Kamala Harris ndi Donald Trump anali m'gulu la masamba asanu oyambirira. Mayina otere amauluka ngati ngumbi za mvula yoyamba, m'mawa mwake n'kungotsala mapiko pabwalo. Koma pali tsamba limodzi losachoka pamwamba, ndilo la mayina a anthu omwalira m'chakacho. Mu 2018 linali loyamba, mu 2023 lachiwiri, ndipo mu 2024, pansi pa mutu wakuti Deaths in 2024, linapambananso masamba onse potsegulidwa maulendo oposa 44 miliyoni.

Tsambali lilibe chokopa maso. Ndi mzere pambuyo pa mzere, tsiku ndi tsiku: dzina la malemu, zaka zake, dziko lake, chimene ankadziwika nacho, chimene chamupha ngati chadziwika, kenaka gwero lochitira umboni kuti wamwaliradi. Mwezi ukatha, mayina ake amasungidwa patsamba lapadera, mwezi watsopano n'kuyamba kudzaza.

Mmalawi amene anakula ndi wailesi ya MBC sangadabwe kuti tsamba louma chotere ndilo limene dziko limatsegula kwambiri. Nthawi ya mauthenga achisoni ikakwana, ana ankauzidwa kuti akhale chete, mayi ankasiya mthiko mu mphika, ndipo banja lonse linkatchera khutu ku mayina a midzi, mafumu ndi maboma, kuopa kuti wina mwa otchulidwawo angakhale wawo. Ngakhale malirowo atakhala a ku Karonga, womvera ali ku Nsanje, ankapukusabe mutu. Maliro ndi kulirana. Chimene mndandanda wa Wikipedia ukusonyeza n'chakuti mtima umenewu si wa Amalawi okha. Anthu a mitundu yonse, atapatsidwa nkhokwe ya nzeru zonse za pansi pano, amayamba afunsa kuti watisiya ndani.

Mwezi wa Juni 2024 unali wolemera kwa Amalawi okhala ku Cape Town monganso kwa abale awo kumudzi. Pa 10 Juni ndege ya asilikali imene inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo palibe anapulumuka. Anali pa ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara, loya yemwe anakhalapo nduna ya zachilungamo. Misozi isanaume, pa 30 Juni, woimba Lucius Banda anamwalira ali kuchipatala ku South Africa. M'makomboni a Dunoon, Joe Slovo Park, Capricorn ndi Imizamo Yethu, kumene kumakhala Amalawi ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa, za m'malesitilanti ndi zothira mafuta m'galimoto, mafoni sanapume. Mayina a Chilima ndi Banda analowa pa tsamba la omwalira la Wikipedia, pakati pa mayina a anthu a ku Japan, Brazil ndi Poland.

Patapita masabata angapo, mtsikana wina wa ku Malawi wophunzira za zilankhulo pa imodzi mwa mayunivesite a mumzindawu anapita kukacheza kwa amalume ake ku Dunoon, tsiku Lamulungu. Bamboyo wakhala ku Cape Town zaka zambiri akusamalira minda ya maluwa m'nyumba za anthu olemera, ndipo anzake ochokera boma limodzi anamusankha kukhala wosunga kope la chipepeso. Wina wakwawo akamwalira, ndiye amayenda khomo ndi khomo, kulemba dzina la wopereka ndi ndalama imene wapereka, mpaka zitakwana zogulira bokosi ndi kulipira galimoto. Ulendo wa maliro ndi wa makilomita oposa 3,000, kudzera ku Johannesburg, Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kukalowa m'Malawi pachipata cha Mwanza kapena Dedza. Masiku amenewo n'kuti atangotumiza thupi la mnyamata wina wogwira ntchito ya zomangamanga.

Mtsikanayo anatulutsa foni n'kuwaonetsa tsamba la omwalira a mwezi wa Juni.

"Amalume, taonani. A Chilima ndi awa, pa 10. A Lucius Banda ali m'munsimu, pa 30."

Bamboyo anavala magalasi, nayendetsa chala pang'onopang'ono.

"Achita bwino kuwalemba. Nanga mnyamata wathu uja tamutumizayu ali pati?"

"Iyeyo sangapezeke, amalume. Muno mumalowa okhawo amene mbiri yawo inalembedwa kale m'manyuzipepala kapena m'mabuku."

"Ndiye kuti eni ake a tsambali sanamve?"

"Akanamva kwa yani, amalume?"

"Kwa iwe, mwanawe. Sukulu yonse wapitayi, ntchito yako si kulemba?"

Mtsikanayo anaseka, koma funsolo linamutsatira mpaka kuchipinda chake, ndipo ndi funso loyenera kutsatira aliyense amene amadya za chilankhulo.

Zimene anawauza amalume akezo ndi zoona. Wikipedia ili ndi malamulo awiri amene amatseka pakhomo. Loyamba limati munthu kapena chinthu chiyenera kukhala chodziwika mokwanira, ndipo kudziwikako kumayesedwa ndi kuchuluka kwa zimene ena, osakhala mwini wake kapena abale ake, analemba za icho. Lachiwiri limati mfundo iliyonse ikhale ndi gwero losindikizidwa limene wowerenga angakalione yekha. Pa tsamba la omwalira, dzina limene lilibe nkhani yakeyake limachotsedwa pakatha mwezi. Choncho tsamba lowerengedwa kwambiri pa dziko lonseli si kaundula wa omwalira. Ndi kaundula wa omwalira amene anapeza wowalemba.

Amalawi a pa ulendo akhala akusowa wowalemba kuyambira kale. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Ngoziyo inachititsa Kamuzu Banda kuimitsa kulembedwa kwa anthu opita kumigodi, ndipo mabuku a mbiri amaitchula chifukwa cha chimenechi. Koma amuna amene anafawo amatchulidwa ngati chiwerengero. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi midzi m'chigawo cha kummwera, kuyambira ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre mpaka ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka chimenecho dziko linkawerenga za ChatGPT. Mmalawi wa ku Cape Town amene mbiri yake ili ponseponse ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, yemwe mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko la mumzindawu. Iye amadziwika chifukwa manyuzipepala, apolisi ndi adani ake analemba za iye, komanso chifukwa analemba yekha mbiri ya moyo wake, imene inasindikizidwa mu 1970, iye atamwalira kale mu 1951.

Pali chinanso chimene mndandanda wa pachakawu umabisa poyera: umawerengera Chingerezi chokha. Wikipedia ilipo m'zilankhulo zoposa 300, koma nkhani imene manyuzipepala amafalitsa mu Disembala ndi ya chilankhulo chimodzi. Kiriketi imakwera pamwamba chifukwa ku India kuli anthu mamiliyoni ambiri owerenga Chingerezi. Mnyamata wa ku Dunoon akatsegula tsamba la Chilima, amawerengedwa ngati wowerenga Chingerezi, ngakhale kuti maliro amenewo anawalira m'Chichewa. Sakanachitira mwina. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 7 miliyoni, ya Chiafirikanzi ili ndi zoposa 100,000, ya Chitumbuka inadutsa 10,000, pamene ya Chichewa, chilankhulo cha anthu oposa 10 miliyoni m'Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, yangopitirira pang'ono 1,000, ndipo zambiri mwa izo ndi za mizere yowerengeka.

Mzinda wa Cape Town waona mbali zonse ziwiri za vutoli. Mu 2012 ophunzira a pa sekondale ya Sinenjongo ku Joe Slovo Park analemba kalata yapoyera kwa makampani a mafoni a ku South Africa, kupempha kuti aziwerenga Wikipedia osalipira, popeza ambiri a iwo analibe mabuku kapena kompyuta kunyumba koma anali ndi mafoni. Mu Febuluwale 2014 kampani ya MTN inavomera. Ndondomeko ya Wikipedia Zero, imene inkalola zimenezi m'mayiko angapo, inatha mu 2018, koma kalata ya anawo inasonyeza kuti njala ya kuwerenga ilipo pakati pa osauka. Anawo, ambiri a iwo olankhula Chixhosa, anapambana mlandu wa chitseko. Chimene anakapeza m'kati mwa nyumbayo chinali cholembedwa makamaka ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, m'chilankhulo cha mayeso, osati cha pakhomo.

M'mwezi wa Julayi 2018 msonkhano waukulu wa pachaka wa olemba Wikipedia, wotchedwa Wikimania, unachitikira ku Cape Town, koyamba kummwera kwa chipululu cha Sahara. Mutu wake unali wokhudza kutseka mipata ya chidziwitso potsata nzeru ya ubuntu, imene Achewa amaitcha umunthu. Chinali chaka cha chilala, pamene munthu aliyense mumzindawu ankaloledwa malita 50 okha a madzi patsiku, ndipo olemera ndi osauka ankaima pamzere umodzi ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands. Alendo amene anabwera kudzakambirana za chitsime cha nzeru chotungapo aliyense anafika mumzinda umene unali utangophunzira kuti chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Limodzi mwa mafunso amene ankamveka pamsonkhanowo linali la mawu a pakamwa: bwanji nkhalamba yodziwa mwambo isawerengedwe ngati gwero, pamene mlendo amene anacheza nayo masana amodzi n'kukalemba buku amawerengedwa? Funsoli silinali lachilendo. Mu 2011 Achal Prabhala anali atayesa kale, ku India ndi ku South Africa, kujambula mawu a anthu akumidzi kuti akhale umboni wa nkhani za pa Wikipedia. Mpaka lero Wikipedia ya Chingerezi imafunabe zosindikizidwa.

N'kosavuta kulitcha lamuloli tsankho, ndipo zotsatira zake zimakonderadi amene anayamba kale kusindikiza. Komabe lamuloli lili ndi chifukwa chake, chimene munthu woleredwa pamudzi angachimve msanga. Pa maliro salankhula aliyense amene wafuna. Woyendetsa mwambo amaitana woimira banja, woimira mpingo, woimira kuntchito, kenaka mfumu, ndipo mbiri ya malemu imalembedwa usiku pa siwa, akuluakulu a banja atagwirizana za chaka chobadwa, sukulu, ukwati, ana ndi matenda. Amatero podziwa kuti pamene pali khamu, bodza limayenda msanga, ndipo bodza lonenedwa pamanda limavuta kulibweza. Tsamba lotsegulidwa maulendo 44 miliyoni likanalola aliyense kulembapo zimene wamva, bwenzi likuika amoyo m'manda tsiku lililonse. Vuto si mlonda wa pakhomo yekha ayi. Vuto lalikulu n'lakuti mbiri zambiri za kwawo kwa Achewa, Amang'anja ndi Anyanja sizinalembedwe pamalo pamene mlondayo angazione.

Ndipo si dzina lililonse limene liyenera kulowa m'nkhokwe yotere. Mnyamata wa zomangamanga uja malo ake ali m'kope la amalume aja, m'mitima ya abale ake, ndi pa chiliza chimene adzamumangire. Koma kope lenilenilo, mwambo wa chipepeso m'dziko la eni, msewu umene maliro amadutsa, mawu amene matchona anabwera nawo kuchokera ku Joni ndi ku Halale, nyimbo za akazi otsala pamudzi, kusintha kwa chikamwini pamene mkamwini ali kutali makilomita zikwi zitatu, zonsezi ndi nkhani zoyenera nkhokwe ya mtundu uliwonse. Zimangosowa gwero, ndipo opanga magwero ndi anthu a m'mayunivesite.

Apa ndi pamene funso la amalume aja limaluma. Akatswiri a zilankhulo za mu Africa amalemba za Chichewa m'Chingerezi, chifukwa kukwezedwa pantchito kumadalira magazini a kunja, ndipo nkhani ya pa Wikipedia, makamaka ya m'Chichewa, siwerengedwa n'komwe pa mafomu a yunivesite. Chonsecho chilankhulochi chili ndi mbiri yakale ya ntchito yotere. Mu 1892 David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anasindikiza A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, buku limene silimangomasulira mawu koma limalongosolanso miyambo, milandu, zida ndi ntchito za anthu. Mu 2000 a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, kusonyeza kuti chilankhulochi chingathe kudzilongosola chokha popanda kutsamira Chingerezi. Ku Cape Town komweko, bungwe la CASAS la Kwesi Kwaa Prah linasonkhanitsa akatswiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kuti agwirizane pa kalembedwe kamodzi ka zilankhulo za m'derali. Zida zilipo. Ndipo moto umene unawononga laibulale ya Jagger pa Yunivesite ya Cape Town pa 18 Epulo 2021, n'kupsereza gawo lalikulu la mabuku a maphunziro a za mu Africa, unakumbutsa aliyense kuti chidziwitso chosungidwa m'nyumba imodzi chingathe kutha masana amodzi.

Kuchedwa kuli ndi mtengo wina umene zaka za m'mbuyomu kunalibe. Makina onga ChatGPT, amene anatsogola mndandanda wa 2023, amaphunzira chilankhulo pomeza zolembedwa za pa intaneti, ndipo Wikipedia ndi chimodzi mwa zakudya zawo zazikulu. Pamene eni chilankhulo salemba, ena amawalembera. Mu 2020 zinadziwika kuti nkhani zikwi zambiri za Wikipedia ya chilankhulo cha Scots zinalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene sankachilankhula. Ankangotenga Chingerezi n'kusintha kalembedwe ka mawu. Wikipedia ya chilankhulo cha Cebuano cha ku Philippines ili ndi nkhani mamiliyoni, koma pafupifupi zonse zinapangidwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Nkhokwe ingaoneke yodzaza pamene muli mankhusu okhaokha. Chichewa chomasuliridwa ndi makina, chimene chimasokoneza magulu a mayina, chosadziwa kuti "anapita" wa dzulo amasiyana ndi "amapita" wa masiku onse, chosasiyanitsa "iwe" wa mwana ndi "inu" wa apongozi, chikachuluka pa intaneti, makina ena adzaphunzira chomwecho, ndipo mwana wobadwira ku Dunoon, amene amamva Chichewa kwa makolo ake okha, adzachiyesa chenicheni.

Ntchito yofunikayi si yaikulu kwa munthu mmodzi. Wophunzira amene wamaliza kafukufuku wa mwambo wa chinamwali, wa usodzi wa chambo ndi usipa, kapena wa mabuku a Samuel Josia Ntara, ali kale ndi magwero onse patebulo pake. Chotsala ndi kulemba ndime zisanu m'chilankhulo chimene anafunsira mafunso akumudzi. Mphunzitsi angathe kupereka nkhani yotere ngati ntchito ya m'kalasi n'kuichonga monga amachongera zina. Magazini a zilankhulo za mu Africa, posindikiza mbiri za oimba, aphunzitsi, mafumu ndi azamba, amakhala akupanga umboni umene mlonda uja amafuna. Mutu umodzi susenza denga, koma denga silikwera ngati aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuwerama.

Tsamba la Chichewa mwina silidzapezeka pa mndandanda wa Disembala, ndipo palibe chifukwa chodandaulira zimenezo. Wowerenga mbiri pa maliro sawerengera anthu amene abwera asanayambe kulankhula. Amaimirira chifukwa banja lamutuma, ndipo amadziwa kuti akapanda kutero, adzukulu adzakwirira, anthu adzasamba m'manja n'kubalalika, ndipo ana a malemu adzakula akufunsa anthu odutsa kuti bambo awo anali yani.